Feteleza Wochokera Mumpweya: Mmene Amapangira Ammonia

Tengani thumba la Urea la makilogalamu 50, lija makolo amalisakasaka chimanga chikangofika m'mawondo. Pathumbapo amalembapo 46% N, kutanthauza kuti pa makilogalamu 50 aja, 23 ndi nitrogen. Tsopano ganizirani kachipinda ka mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba. Mpweya umene uli m'kachipinda kameneko uli ndi nitrogen wolemera pafupifupi chimodzimodzi ndi wa m'thumba lija. Waulere, wopanda kuponi, wopanda mzere. Pamwamba pa munda wa hekitala imodzi pali nitrogen woposa matani 60,000, koma chimanga cha m'munda womwewo chimatha kuchita chikasu n'kupinimbira chifukwa chosowa nitrogen.

Ndiye wogulitsa feteleza amatigulitsa chiyani kwenikweni, poti chinthucho chili mbwee mumpweya? Yankho lake lili mu Haber process, imene mumakumana nayo mu Chemistry. Ambiri mumangoloweza zinthu zitatu: 450 °C, 200 atm ndi iron. Zoona, zimenezo zimabwera pamayeso. Koma chilichonse mwa zitatuzi chili ndi chifukwa chake, ndipo mukachigwira chifukwacho simudzavutikanso n'kuloweza.

Chifukwa chake chimanga sichidya mpweya

Pa magawo 100 alionse a mpweya, 78 ndi nitrogen. Koma nitrogen wa mumpweya sayenda yekhayekha. Amayenda maatomu awiriawiri, N₂, ndipo awiriwo ndi omangana ndi triple bond, N≡N, ngati nkhuni zomangidwa ndi luzi katatu. Kuti mudule bond imeneyi pamafunika mphamvu yokwana 945 kJ pa mole imodzi, pamene bond ya hydrogen, H–H, imaduka ndi 436 kJ basi. N'chifukwa chake nitrogen sapsa, sayatsa moto, ndipo sakonda kuphatikizana ndi chinthu china chilichonse. Mumamupuma n'kumutulutsa ali chimodzimodzi.

Mbewu imafuna nitrogen popanga mapuloteni, DNA ndi chlorophyll, koma mizu yake imangoyamwa nitrogen amene ali kale mu nitrate, NO₃⁻, kapena ammonium, NH₄⁺. Pamafunika wina woyamba wadula bond ija. M'chilengedwe odulawo ndi awiri. Woyamba ndi mphezi, imene imatenthetsa mpweya mpaka nitrogen kuphatikizana ndi oxygen, mvula n'kuzitsitsira pansi. Wachiwiri, ndipo ndiye wamkulu, ndi mabakiteriya, makamaka aja okhala m'timibulu ta pamizu ya mtedza, soya, nandolo ndi nyemba. Tsiku lina mudzazule mtedza wobiriwira bwino, mudzatswanye kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Mukapeza mkati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriyawo ali pantchito. Mtengo wa msangu nawo ndi wa banja lomweli, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene chimanga chimachitira bwino pansi pake.

Kwa zaka zikwizikwi anthu ankadalira zomwezi, kuphatikizapo manyowa. Koma m'zaka za m'ma 1800 anthu a ku Ulaya anachulukana kwambiri moti minda inayamba kulephera. Anayamba kutumiza zombo kuzilumba za Chincha ku Peru kukakumba zitosi za mbalame zimene zinaunjikana kwa zaka mazanamazana. Zitosi zitachepa anatembenukira ku sodium nitrate wa m'chipululu cha Atacama, ndipo Chile inamenyana ndi Peru ndi Bolivia pa nkhondo imene inayamba mu 1879, akulimbirana dera lomwelo. Mu 1898, wasayansi wa ku Britain, William Crookes, anachenjeza anzake pamsonkhano ku Bristol kuti nitrate wa ku Chile adzatha, ndipo mayiko odya tirigu adzagwa m'njala pokhapokha akatswiri a Chemistry atapeza njira yotengera nitrogen mumpweya.

Equation yooneka yophweka

N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃     ΔH = −92 kJ

Papepala palibe chovuta. Molecule imodzi ya nitrogen ndi atatu a hydrogen akupanga awiri a ammonia. Koma muli zinthu zitatu zobisika mu mzere umenewu.

Choyamba ndi chizindikiro chija cha ⇌. Musachilumphe. Chikutanthauza kuti reaction ikuyenda uku ndi uku: ammonia akupangidwa, ndipo nthawi yomweyo wina akuphwasuka kubwerera ku nitrogen ndi hydrogen. Zili ngati pamsika cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ena akulowa, ena akutuluka, koma mukayang'ana muona ngati chiwerengero cha anthu sichikusintha. Imeneyo ndiye equilibrium. Reaction sinaime ayi, kungoti liwiro lopita kutsogolo lafanana ndi lobwerera. Ntchito ya fakitale ndi kukankha equilibrium kuti ipendekere kumbali ya ammonia, ndipo lamulo lotsogolera ndi la Le Chatelier, wasayansi wa ku France: mukasokoneza equilibrium, imasunthira kumbali imene ingachepetse chisokonezocho.

Chachiwiri ndi kuwerenga ma molecule. Kumanzere alipo anayi, kumanja awiri. Kondakitala akamapitiriza kulowetsa anthu mu minibasi yodzaza kale, chimachitika n'chiyani? Ana amanyamulidwa pamiyendo, anthu awiri n'kukhala pamalo a mmodzi. Gasi naye ukamupanikiza amathamangira kumbali imene ili ndi ma molecule ochepa, chifukwa kumeneko ndi kumene mpanipani ungachepe. Ndiye kuti pressure yaikulu imabweretsa ammonia wambiri. Kusiyana kwake si kwamasewera. Pa 400 °C ndi pressure wamba ya 1 atm, ammonia safika ngakhale 1 peresenti ya gasi yense. Pa kutentha komweko koma 200 atm, amapitirira 30 peresenti.

Kodi 200 atm ndi yaikulu bwanji? Ndi ngati kusanjikiza matumba anayi a feteleza pa chikhadabo chimodzi. Pamalo ozama kwambiri a nyanja ya Malawi, pafupifupi mamita 700, madzi amapanikiza ndi 70 atm basi. Mwina mufunsa kuti bwanji osangofika 1,000 atm kuti ammonia achuluke? Zinayesedwapo, ndipo zimatheka. Koma makina opanikiza gasi amadya mphamvu yambiri, mapaipi amafunika okhuthala kwambiri, ndipo ngozi ikachitika imakhala yoopsa. Phindu lowonjezeralo silibweza ndalama zake. Mafakitale ambiri lero amasewera pakati pa 150 ndi 250 atm.

Chachitatu, pamene pagona nkhani yonse, ndi ka minus kaja ka pa ΔH. Reaction yopita kutsogolo ndi exothermic, imatulutsa kutentha. Malinga ndi Le Chatelier, mukawonjezera kutentha equilibrium imabwerera m'mbuyo, ammonia n'kuphwasuka. Pa 200 atm, kutentha kukakhala 200 °C mungapeze ammonia woposa 80 peresenti, pamene pa 500 °C safika 20 peresenti. Ndiye tizingoziziritsa, eti? Ayi ndithu. Mwaiwala triple bond ija. Pa 200 °C ma molecule ochuluka alibe mphamvu zokwanira kuidula, moti reaction imayenda ngati birimankhwe. Ammonia wa 80 peresenti uja ndi lonjezo chabe, mudzamudikira mpaka fakitale itagwa. Mukatenthetsa, reaction ifulumira koma yield itsika. Mukaziziritsa, yield ikwera koma liwiro lithawa. Kutentha kwa 400 mpaka 450 °C ndi kwa pakatikati: mwalolera kutaya yield ina kuti mupeze liwiro. Pamayeso akakufunsani chifukwa chake sagwiritsa ntchito kutentha kochepa, mutchule zonse ziwiri, yield ndi rate. Mukatchula chimodzi mwataya malikisi.

Ankhoswe a nitrogen ndi hydrogen

Ngakhale pa 450 °C, popanda catalyst palibe chimene chingachitike. Catalyst ali ngati ankhoswe. Amakumanitsa mbali ziwiri, amafewetsa zokambirana, ukwati ukamangidwa iwo amabwerera kwawo ali chimodzimodzi, okonzeka kukayimira ukwati wina.

Pa iron zimayenda motere. Molecule ya N₂ imamatirira pamwamba pa iron, ndipo maatomu a iron amaikoka mpaka triple bond ija kufooka n'kuduka. Hydrogen nayenso amamatirira n'kugawanika. Kenako maatomu a hydrogen amalumikizana ndi atomu ya nitrogen mmodzimmodzi: NH, NH₂, NH₃. Ammonia akakwana amanyamuka, n'kusiya malo oti ena afikepo. Sitepe yochedwa kwambiri pa zonsezi ndi kudula N≡N. Chodabwitsa n'chakuti mafakitale anagwiritsa ntchito iron kwa zaka zoposa 60 anthu asanadziwe bwinobwino zimene zimachitika pamwamba pake. Amene anazifotokoza ndi Gerhard Ertl wa ku Germany, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2007.

Apa pali dzenje limene ophunzira ambiri amagweramo. Catalyst sawonjezera yield. Amafulumizitsa reaction yopita kutsogolo ndi yobwerera mofanana, ndiye equilibrium imangofika msanga, malo ake osasuntha. Ubwino wake ndi wakuti amakulolani kugwira ntchito pa kutentha kocheperako, kumene yield ili yabwinoko.

Nanga yield yotsikayo amathana nayo bwanji? Gasi akadutsa kamodzi pa catalyst, ammonia amene amatuluka amakhala cha m'ma 15 peresenti. Akanati azitaya zotsalazo bwenzi fakitale ili yosapindulitsa. Mayi akamasinja mumtondo amasefa, ufa n'kuuika padera, misere n'kuibwezera mumtondo. Fakitale imachita chomwecho, kungoti sefa wake ndi kuzizira. Ammonia amasanduka madzi pa −33 °C, ndipo pa pressure yaikulu amasanduka madzi ngakhale kusanazizire kufika pamenepo. Nitrogen amafuna −196 °C, hydrogen −253 °C. Ndiye akaziziritsa gasi wotuluka mu reactor, ammonia yekha ndiye amasanduka madzi n'kuchotsedwa, nitrogen ndi hydrogen otsala n'kubwezedwa kukazunguliranso. Akazungulira kangapo, oposa 95 peresenti amakhala atasanduka ammonia.

Haber anatsegula, Bosch anamanga

Le Chatelier mwiniwake anayesa kupanga ammonia mu 1901, koma mpweya unalowa m'chipangizo chake, chinaphulika, iye n'kuisiya ntchitoyo. Amene anapambana ndi Fritz Haber ku Karlsruhe, mothandizidwa ndi Robert Le Rossignol wa ku Britain, yemwe anapanga zambiri mwa zipangizo zopirira pressure. Mu July 1909 anaonetsa akuluakulu a kampani ya BASF kachipangizo kokwana patebulo, ammonia akudontha dontho limodzilimodzi. Catalyst wake anali osmium, chitsulo chosowa kwambiri chimene sichikanakwanira fakitale.

Kuchoka patebulo kufika pafakitale inali nkhondo ina, ndipo ine ndimaona kuti mabuku a sukulu amamulakwira Carl Bosch pongotchula dzina la Haber lokha. Mnzake wa Bosch ku BASF, Alwin Mittasch, anayesa zinthu zikwizikwi posaka catalyst wotsika mtengo. Anakapeza yankho mu mwala wa magnetite wochokera ku Sweden, umene unagwira ntchito bwino chifukwa cha tizinthu tina tosakanikirana nawo. Kuchokera pamenepo anatulukira iron wothira aluminium oxide ndi potassium oxide pang'ono, ndipo mafakitale ambiri akugwiritsabe ntchito catalyst wa mtundu umenewu mpaka pano.

Bosch yekha analimbana ndi zitsulo. Ma reactor oyambirira ankang'ambika patangopita masiku ochepa. Atafufuza anapeza kuti hydrogen wotentha komanso wopanikizidwa amalowerera m'kati mwa steel, n'kuphatikizana ndi carbon amene amalimbitsa chitsulocho, steel n'kufumbwa ngati nsungwi yodyedwa ndi anankafumbwe. Nzeru yake inali yoti reactor ikhale ya makoma awiri. Mkati anaikamo iron wofewa wokhala ndi carbon wochepa kwambiri, kunja n'kukuta ndi steel wolimba wonyamula pressure. Kenako anaboola timabowo ting'onoting'ono mu steel wakunjayo kuti hydrogen wolowerera azithawirapo asanawononge. Munthu kuboola dala thanki kuti isaphulike! Koma zinatheka. Fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913, ikupanga matani pafupifupi 30 patsiku. Haber anapatsidwa mphoto ya Nobel ya 1918, ndipo Bosch analandira yake mu 1931. N'chifukwa chake dzina lonse ndi Haber-Bosch process.

Mtengo wake uli pa hydrogen

Nitrogen tanena kuti ndi waulere. Buku lanu likhoza kunena kuti amamupeza pochita fractional distillation ya mpweya wosandutsidwa madzi, ndipo yankho limenelo ndi lolondola. Mafakitale ambiri oyendera gasi amachita mwachidule: amalowetsa mpweya wamba, oxygen n'kupsa ndi gasi, nitrogen n'kutsala.

Hydrogen ndiye wodula, chifukwa sapezeka payekha. Ambiri amamutenga ku methane, gasi wa pansi pa nthaka, pomuphatikiza ndi nthunzi pa kutentha kwa pafupifupi 800 °C, catalyst wake nickel:

CH₄ + H₂O → CO + 3H₂

Carbon monoxide amamuphatikizanso ndi nthunzi kuti apereke hydrogen wina ndi carbon dioxide. Zonsezi ziyenera kuyeretsedwa mosamala, chifukwa sulphur ndi carbon monoxide, ngakhale atachepa bwanji, amapha iron catalyst. Carbon dioxide wina sataya. Amamuphatikiza ndi ammonia kuti apange Urea, CO(NH₂)₂. Ammonia wina amamusandutsa nitric acid, amene amapangira ammonium nitrate wa mu feteleza wa CAN.

Padziko lonse amapanga ammonia pafupifupi matani 180 miliyoni pachaka, ndipo wambiri amathera ku feteleza. Ntchito imeneyi yokha imadya pakati pa 1 ndi 2 peresenti ya mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito padziko. Apa ndiye mwaliona yankho la funso lija. Mukagula Urea mukulipira gasi amene anatenthedwa kuti bond ya nitrogen iduke. Mafakitale aakulu ali kumene gasi ndi wotsika mtengo, monga ku Russia, Qatar, Saudi Arabia, Egypt ndi Nigeria, pamene China imadalira kwambiri malasha. Kuno ku Malawi kulibe fakitale ya ammonia. Urea amachita kubwera pa sitima zapamadzi kudzera m'madoko monga Beira ndi Nacala, wolipiridwa ndi madola, kenako n'kukwera malole kapena sitima yapamtunda. Mu 2021 ndi 2022 mtengo wa gasi unakwera kwambiri ku Ulaya, makamaka nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba. Mafakitale ena kumeneko anachepetsa ntchito, ena anaima, ndipo mlimi wa ku Ntchisi amene sanaonepo paipi ya gasi anazimva m'thumba mwake.

Hydrogen angapezekenso pong'amba madzi ndi magetsi, electrolysis ija. Masiku ano anthu akuikamba kwambiri njira imeneyi chifukwa magetsi akakhala a dzuwa, mphepo kapena madzi, situlutsa carbon dioxide. Si yachilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Kampani ya Sable Chemicals ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe inapanga ammonia mwanjira yomweyi kwa zaka pafupifupi 40 kuyambira m'ma 1970. Chimene chimaivutitsa njirayi kulikonse ndi kuchuluka kwa magetsi amene imafuna.

Mbali imene mabuku a Chemistry sakonda kukamba

Ofufuza amayerekezera kuti pafupifupi theka la anthu padziko amadya chakudya cholimidwa ndi nitrogen wa Haber-Bosch. Ndiye kuti maatomu ambiri a nitrogen amene ali m'minofu yanu anadutsapo mu reactor ya fakitale ina yake. Koma ntchito yaikulu yoyamba ya ammonia ameneyu inali ya nkhondo. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba mu 1914, Britain inatseka njira zapanyanja kuti nitrate wa ku Chile asafike ku Germany. Popanda nitrate palibe onga. Germany inatembenukira ku ammonia wa BASF, kumusandutsa nitric acid wopangira mabomba, ndipo olemba mbiri ambiri amati izi zinatalikitsa nkhondoyo. Haber mwiniwake anatsogolera ntchito yopha adani ndi gasi wa chlorine ku Ypres mu April 1915. Mkazi wake, Clara Immerwahr, amenenso anali katswiri wa Chemistry, anadzipha patangopita masiku ochepa. Mu 1933 Haber, yemwe anabadwira m'banja la Chiyuda, anachoka ku Germany chipani cha Nazi chitatenga boma, ndipo anamwalira ku Basel mu 1934.

Ammonium nitrate naye si wosewera naye. Mu 1921 nkhokwe ya feteleza inaphulika ku Oppau komwe kuja n'kupha anthu oposa 500. Mu August 2020 ammonium nitrate amene anasungidwa m'nkhokwe anaphulika padoko la Beirut ku Lebanon n'kupha anthu oposa 200. Katunduyo poyamba anali pa ulendo wopita ku Beira.

Urea akafika m'munda

Urea akakhudza dothi lachinyezi, enzyme ya urease imene ili m'dothimo imamuphwanya kukhala ammonia ndi carbon dioxide. Fungo loboola m'mphuno lija la m'khola kapena m'chimbudzi limachokera ku reaction yomweyi, chifukwa mkodzo nawo uli ndi urea. Ammonia ndi gasi. Urea akakhala wokwiriridwa, ammonia amasungunuka m'chinyezi n'kukhala ammonium, dothi n'kumugwira, mizu n'kuyamwa. Akangomwazidwa pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limauluka. Alangizi akamati mubaye kadzenje pambali pa phando, muthire, mukwirire, chifukwa chake n'chimenechi. Kuthira wambiri mopyola muyezo nakonso kuli ndi mavuto ake. Nitrate wotsala amakokoloka ndi mvula kupita m'mitsinje ndi m'zitsime, dothi limanka likuchita asidi chaka ndi chaka, ndipo mabakiteriya ena amamusandutsa nitrous oxide, gasi amene amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide.

Musanatseke tsambali, yesani mafunso awiri awa m'kope mwanu. Loyamba: tiyerekeze kuti fakitale yatsitsa kutentha kuchoka pa 450 °C kufika pa 300 °C, pressure osaisintha. Yield ya pa equilibrium yakwera, koma matani a ammonia amene akupeza patsiku atsika. Fotokozani chifukwa chake. Lachiwiri: pogwiritsa ntchito equation ya 2NH₃ + CO₂ → CO(NH₂)₂ + H₂O, pezani makilogalamu a ammonia ofunika popanga thumba limodzi la Urea la makilogalamu 50. Tengani N = 14, H = 1, C = 12, O = 16. Mukapeza yankho lotalikirana ndi 28, mubwererenso pa relative formula mass ya Urea, chifukwa ambiri amaiwala kuti NH₂ ilipo kawiri.